Mizere Iwiri ya a Sandalamu

Lolemba

Pakamwa panga pandipachika. Ndilembe zonse bwinobwino, kuti ndikadzakalamba ndidzakumbukire kuti m'dzenjemu sanandikankhiremo munthu.

Dzulo titaweruka kutchalitchi kunabwera alendo a cha ku Madisi kudzacheza ndi a Kopolo Sandalamu, amalume ake a mkazi wanga Esinati. A Kopolo anavala jekete lawo la kaki, la mizere iwiri pamkono, limene anabwera nalo ku nkhondo ya Ajeremani. Nkhani za nkhondo zitafika pokoma, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansungwi kotseka ndi chitsononkho. M'katimo muli pepala limene anapatsidwa potuluka usilikali. Chibwerereni palibe analiwerengapo m'mudzi muno.

"Aphunzitsi, awerengereni alendowa amve okha."

Ine ndi Chingerezi changa cha ku mishoni ya ku Mvera, chimene chimasowa pochionetsera, ndinaimirira, ndinakhosomola, ndinawerenga mokweza, kenako n'kumasulira mzere ndi mzere. Dzina. Nambala. Mudzi. Msinkhu. Chipsera cha pachipumi. Udindo: msilikali wamba.

Ndikanatha kulimeza liwu limenelo. Ndikanatha kunena kuti inki yafufutika. Koma ayi, ndinabwerezanso kachiwiri poopa kuti akumbuyo sanamve.

Mlendo wina anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwake. A Kopolo anati, "Kalaliki adalakwitsa. Tidali ambiri tsiku lija." Kenako anatembenukira kwa ine: "Poti aona cholakwacho ndi aphunzitsi, akonzanso ndi iwo omwe. Za chitengwa tikamba pepala litakonzedwa."

Apa ndiye pagona nkhani. Mvula zinayi ndili pachikamwini m'mudzi muno. Ndalima munda wa apongozi, ndafolera nyumba zitatu zosakhala zanga, mwana wabadwa, Rute, akuyenda kale. Lamulungu likudzali ankhoswe akumana kuti andilole kutenga Esinati kupita naye kwathu. Amayi atsala okha kumeneko; alongo anga onse awiri anapita ndi nthenda ya chifuwa ija itangotha nkhondo. Mwinimbumba kuno ndi a Kopolo. Akati ayi, ndi ayi.

Komabe sindikuopa. Sukulu ndatsekera kukolola, nthawi ndili nayo. Dongosolo:

1. Lero kulemba kalata ya Chingerezi chomveka.
2. Mawa kupita nayo ku boma.
3. Mzungu awerenge, achite manyazi, akonze.
4. Lachitatu kupumula.
5. Loweruka kumanga mitolo.

Esinati akuti, "Inu, bwanji simudangoti maso akuwawa?" Za boma sazidziwa.

Lachiwiri

Kalata yatha, masamba atatu. Mawu onse aatali amene ndimawadziwa alowamo, ena kawiri.

Ndanyamuka m'bandakucha, nsapato m'manja kuti zisathe. Ndisanatuluke n'komwe m'mudzi, pokhota njira ya kuchitsime, uyo akubwera ndi mtsuko pamutu ndi apongozi aakazi. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, ndiye ndalumphira kutchire monga mwa mwambo, ndanjuta, ndadikira adutse. Adutsa pang'onopang'ono, akuyimba. Pamene ndanjutapo ndi pachitedze.

Ulendo wonse ndayenda ndikukanda. Pamtsinje wa pafupi ndi boma ndasamba, ndadzola dothi, ndasambanso, ndavala nsapato. Sizinathandize.

Ku boma: mbendera, amesenjala awiri, anthu pamzere mpaka kumtengo. Dzuwa lafika paliwombo ndisanaitanidwe. Mzungu kulibe, ali paulendo wa m'midzi, abwera Lachisanu. Alipo ndi kalaliki, wa kolala yoyera ndi pensulo kukhutu. Kalata yanga waiyeza kulemera kwake m'manja, wawerenga tsamba loyamba lokha.

"Aphunzitsi, iyi ndi kalata kapena ulaliki?"

Munthu ameneyu ndikukhulupirira sanafike kalasi imene ndinafika ine.

Akuti zofunika ndi zitatu:

pepala lenilenilo;
mwini wake, kapena chala chake chodinda;
mboni imene inali naye gulu limodzi, yoona ndi maso kuti mizereyo anapatsidwadi.

Zikakwana izi, bwana akakhutira, alemba yekha papepalapo n'kudinda. Kalata yanga wandibwezera, akuti sikufunika. Potuluka wandifunsa mwachifundo ngati kumudzi kwathu kwagwa mphere.

Ndafika kunyumba dzuwa likulowa, mapazi atatupa. Kupumula kwa mawa ndakufufuta pandandanda. Zinazo zikadali m'malo. Gulu la asilikali si munthu mmodzi, mboni sizingasowe.

Lachitatu

Mmawa ndapita kwa a Kopolo. Ndakhala pansi chapatali, ndaomba m'manja, ndafotokoza zonse mwaulemu.

Za kupita ku boma akuti sangathe, mwendo wa nkhondo wayambanso. Mwendo umenewu dzulo lomweli, malinga ndi Esinati, unathamangitsa mbuzi mpaka kudambo. Chala apereka msanga, adinda papepala loyera ndi mwaye wa pamphika. Pepala la m'nsungwi aperekanso. Tafika pa mboni.

Ndatulutsa pensulo kuti ndilembe maina. Nawa:

Sajeni wawo: adafa.
Mnzawo wa kwa Dzoole: adafa.
Wina wamtali, dzina laiwalika: idamudya ng'ona pobwerera.
Woliza lipenga: adafa, ndipo adali wosaona bwino.
Wophika: ali moyo, koma ali ku Halale, ndiponso ngwabodza.

"Gulu lonse lija ndatsala ndekha, aphunzitsi. Nkhondo si masewera."

Ndapepesa. Ndikuti ndidzuke, andikodola kuti ndisendere pafupi, n'kundifunsa chapansipansi ngati inki ya kusukulu ili yosiyana ndi ya boma. Ine osazindikira, ndawafotokozera mwatsatanetsatane kuti ya boma njakuda kwambiri, yathu timasungunula tokha ndipo imayera ikauma. Andiyang'ana, kenako ati, "Mudaphunziradi inu."

Tanthauzo lake landipeza ndili kale panjira. Akufuna ndilembe ndekha papepala la boma! Ine, mphunzitsi wa mishoni, wodya mgonero, wophunzitsa ana kuti bodza ndi tchimo. Ndakwiya kwambiri. Ndipo pambali pa tchimolo pali chikoti ndi ndende, zimene ndikuziopa moposa, ndisaname.

Masana apongozi atuma Esinati kuti andiuze kuti nkhokwe yawo yapendama. Ndaiwongola. Atumanso kuti tsopano yapendamira kwina.

Koma Mulungu sataya wake. Esinati, akusenda nyemba, wangoti mwamasewera, "Nanga a Zuze aja a ku Ntchisi adafa liti? Uchi wawo tidadya mwezi wathawu." Ndamufunsa kuti a Zuze ndani. Akuti ndi mnzawo wa kunkhondo wa a Kopolo, chaka chilichonse amatumiza chikho cha uchi kudzera kwa anthu apaulendo. Wamva kwa a Nabanda, akazi awo a Kopolo.

Akufa satumiza uchi. Ndiye kuti a Kopolo angowaiwala, ukalamba umatero.

Dongosolo latsopano: mawa ku Ntchisi, Lachisanu ku boma ndi mboni, Loweruka kubwera ndi pepala lokonzedwa. A Kopolo sindiwauza, ndikufuna adzadzidzimuke ndi chimwemwe.

Lachinayi

Anthu a kumapiri kuno ali ndi nthenda imodzi. Ukafunsa njira, aliyense akuti, "Ndi pompa apa, mukangotsika." Ndatsika kasanu, ndakwera kasanu ndi kamodzi.

Zimene ndakumana nazo:

nkhungu, mpaka dzuwa litakwera;
mphepo yolowa m'mafupa, ine nditavala malaya amodzi;
galu wopanda ulemu;
mayi wina amene wandiperekeza mtunda wautali mokoma mtima kwa Zuze wolakwika, wosula makasu, amene nkhondo anangoimva.

Kwa Zuze weniweni ndafika dzuwa litapendeka. Ndawapeza pamwamba pa mtengo akumangirira mng'oma wa njuchi. Munthu wamfupi, wadazi, wamaso oseka. Ndafuula kuchokera pansi kuti ndachokera kwa a Sandalamu. Atsika ngati mnyamata.

"Sandalamu ali moyo? Akadali kunama?"

Ndaseka nawo mwaulemu, kenako ndafunsa funso langa, mtima uli m'mwamba: kodi a Sandalamu anakhalapo kopolo?

"Kopolo weniweni! Mizereyo ndidasoka ndine ndi manja angawa, iye singano saitha."

Ndikanawakumbatira. Ndakhala pansi pomwepo ndi chimwemwe. Ndaona kale nyumba ya amayi, ndaona Rute akusewera pakhomo pawo.

A Zuze ndi munthu wolankhula. Tikudya mbatata yootcha yothira uchi, ayamba: "Ndiye tsiku lina paperete, mwana wanga, kudachitika zoti..." Ine ndawadula mwanzeru. Ndati, bambo, zimenezo musazithe mphamvu, mukazinene mawa pamaso pa mzungu zikadali zotentha. Ati, "Zonse?" Ndati zonse, musakasiyeko kanthu, mboni yabwino sibisa.

Avomera kupita. Akuti ku boma sanapiteko chitulukire usilikali, ndipo mendulo yawo ikuchita dzimbiri m'nyumba. Akazi awo andiyalira mphasa pafupi ndi moto. Njuchi imodzi yandiluma pakhosi, koma lero ndikukhululukira chilichonse.

Kalaliki uja mawa aona kuti ulaliki umatembenuza anthu.

Lachisanu

Ndilemba zonse monga zachitikira.

Tanyamuka kusanache, tafika ku boma masana. Mzungu alipo, wamphuno yofiira, kaliwo pakamwa. Tayala zonse patebulo: pepala, chala, mboni. A Zuze amenya sawatcha mpaka mendulo yalira. Kalaliki akumasulira.

Munali gulu limodzi ndi Sandalamu? Inde bwana. Anapatsidwa ukopolo? Inde bwana. Munaona ndi maso? "Ndidasoka ndine, bwana."

Mzungu wagwedeza mutu. Wakoka pepala. Watenga cholembera. Wachiviika mu inki. Ndaona ndi maso angawa kadontho kakulendewera kunsonga.

"Ndipo ndidamasulanso ndine, bwana."

Cholembera chaima m'malere. Ndayesa kuwaponda phazi a Zuze, koma andiyang'ana mokhulupirika n'kuti, "Mudati zonse, aphunzitsi."

Nayi nkhani yake, monga aikambira. Nkhondo itakula, boma linasowa anyamata n'kuyamba kutenga ndi a imvi omwe. Tsiku lina kunafika gulu la atsopano kuti Kopolo Sandalamu aliphunzitse perete. Pamzere woyamba, wachitatu kuchokera kumanja, ataima ndi kabudula wofika m'maondo, anali a Chimphamba, bambo awo a a Nabanda. Apongozi awo enieni a Sandalamu.

Tsono ntchito ya kopolo ndi kuima maso ndi maso ndi munthu, kumukalipira, kumutchula maina a nyama. Sabata yoyamba a Sandalamu ankalamula atafulatira gulu, akuyang'ana mtengo. "Ankangoti lefiti, raiti, lefiti, raiti, osaona kumene tikupita, bwana. Tidakalowa m'khitchini ya asajeni tonse makumi awiri." Sabata yachiwiri anapeza nzeru ina: ankalamula ena onse mokuwa, koma za apongozi ankatuma a Zuze ngati nkhoswe. "Ankati, Zuze, kawauze bambo kuti ngati sikuwavuta atembenukireko kumanzere."

Kenako linafika tsiku la perete wamkulu, pamaso pa mzungu wamkulu wa asilikali. A Chimphamba anaika mfuti paphewa lolakwika. Mzunguyo anaitana kopolo, nati amukalipire munthuyo ndi kumuwomba mbama pomwepo, ena atengerepo phunziro.

"Sandalamu adavula chisoti, bwana. Adagwada pafumbi, gulu lonse likuona, n'kuomba m'manja. Adati, pepani bambo, mfuti imakhala phewa linali. Mzungu adalamula katatu. Katatu konse Sandalamu adangoomba m'manja. Madzulo ake adandiitana ine ndi lumo."

Mzungu wa boma waseka mpaka kutsamwa ndi utsi. Kalaliki waseka chifukwa bwana waseka. Cholembera chapukutidwa, chabwerera m'malo mwake. Pepala lilibe cholakwa, akutero. Ukopolo unali wa masabata atatu.

Ndimayesa zathera pomwepo, koma mzungu wafunsa kuti nanga mizere imene munthuyo akuvala kumudzi yachokera kuti. "Ndidamusokeranso ndine pobwera, bwana, adandipempha. Ankachita manyazi kufika kwawo mkono uli mbee." Mzungu wati tikamuuze aichotse asanafike yekha kumudziko paulendo wake, apo ayi ndi mlandu.

Ndiye ndinapita kukakonza liwu limodzi papepala, ndikubwerera nditachotsetsa ndi mizere yomwe.

Potuluka, mesenjala wachikulire amene anaima pakhomo, yekhayo amene sanaseke, wandigwira mkono n'kuti, "Munthu ameneyo adaleredwa." Sindikudziwa kuti zimenezo zindithandiza chiyani.

Tagona kwa mphunzitsi mnzanga pafupi ndi boma. A Zuze akuti poti afika kale kuno, sangabwerere osakamuona mnzawo. Apita nane kumudzi.

Loweruka

Njira yonse ndawalumbiritsa a Zuze. Asanene pabwalo. Asanene kwa amuna a m'mudzi. Asanene kwa alendo, kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo. Alumbira chilichonse, mokondwa, akutafuna nzimbe.

Dongosolo lachitatu, ndipo ndikuchita nalo manyazi:

1. Kunena kuti mzungu watumiza nkhaniyi ku Zomba, yankho lidzabwera mvula ikayamba.
2. Za mizere kuwauza a Kopolo paokha, chitengwa chitavomerezedwa kale.
3. Kulapa Lolemba, ndili kwathu.

Tafika dzuwa lili pamutu. A Kopolo ali pakhonde, mwendo wa nkhondo atautambasula pampando. Ataona amene ali kumbuyo kwanga, aimirira ndi miyendo yonse iwiri. Akumbatirana, amenyana pamsana, atchulana maina achipongwe. Koma pamwamba pa phewa la a Zuze, a Kopolo andiyang'ana ine, ndipo ndadziwa kuti adziwa kuti ndadziwa.

Ndayamba bodza langa la ku Zomba. Lisanafike pakati, a Zuze afunsa kuti mayi a pakhomo ali kuti. Akuti chimwalirire a Chimphamba kunkhondo sanaonanepo ndi mwana wawo, ndiye sangamwe ngakhale madzi pakhomo pano asanapepese maliro. Zimenezo ndani angaletse? Azungulira kuseri kwa nyumba kumene a Nabanda amapeta chimanga.

Ndili chiimire ndawerenganso m'mutu malumbiro aja. Pabwalo, amuna, alendo, ankhoswe, akulu a mpingo. Akazi sindinawatchule.

Ndazemba mpaka kuseri kwa nkhokwe kuti mwina ndiwakodole. Ndachedwa. A Zuze akhala pansi, chisoti m'manja, ndipo akukamba zonse, koma mawu awo si a dzulo aja. A Nabanda anangouzidwa kuti bambo awo anafa ndi kamwazi, basi. Lero amva za kugwada paperete. Amvanso zimene ku boma sizinanenedwe: kuti a Chimphamba atayamba kudwala paulendo, a Sandalamu, ali msilikali wamba tsopano, anawasenzera mfuti ndi katundu pamwamba pa wawo, kuti miyendo itakana anawabereka kumsana masiku atatu, osalola kuti asiyidwe panjira monga ankasiyidwira ena, kuti manda anakumba okha ndi mpeni wa kumfuti, pansi pa mtengo wa mkuyu, n'kuwagoneka moyang'ana kumene kuli kwawo.

"Masiku atatu onsewo, mayi, sadawayang'ane kumaso. Ankalankhula nawo akuyang'ana kutsogolo."

A Nabanda alira maliro atsopano. Amayi a m'mudzi athamangira, aliyense wofika akufotokozeredwa, nayenso n'kuyamba. Ine kuseri kwa nkhokwe ndalira, ndisabise, ndalira ngati mwana, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti ndili ndi mlandu wanga.

A Nabanda atuluka, apita pakhonde pamene a Kopolo akhala atazolika. Ati, "Zaka zonsezi mwakhala mukundiuza za Ajeremani amene mudapha. Izi mudazisungira yani?" A Kopolo aitanitsa lumo, avula jekete, amasula mizere ija okha, ine ndisanawauze n'komwe za mzungu.

Madzulo mudzi wonse ukudziwa. Ndimayembekeza kuti anthu aziseka, koma palibe akuseka. Amayi akubwera ndi nkhuku, ena ndi thobwa. Esinati akuti, "Amalume mtima wafewa lero, sangakanize munthu kanthu."

Nanenso ndikuona choncho. Mwina zonsezi Mulungu anazikonza mokhotakhota kuti zindikomere. Tamanga mitolo iwiri, mphasa tazipinda. Mbale zokha tasiya za mawa.

Lamulungu

Kutchalitchi kwadzaza mpaka ena aima panja. A Kopolo alowa ndi jekete lopanda mizere, pamkono pakuoneka pamene inali, ndipo anthu awapatsa njira kuposa kale. Aliyense akuti a Kopolo, a Kopolo, ngakhale aja ankawajeda. Mkulu wa mpingo wasiya zimene anakonza, walalikira za ulemu. Katatu konse wandiyang'ana, ine n'kumagwedeza mutu movomereza, osadziwa kanthu.

Masana ankhoswe akhala pansi pa mtengo. Wanga ndi amalume anga a Filipo, afika mmawa kuchokera kwathu ndi tambala m'khwapa. Ine ndakhala chapatali. Amayi a mbumba akhala kumbuyo, apongozi aakazi ali pakati pawo atafulatira mbali yanga.

A Kopolo ayamba bwino. Ati za pepala zatha, pepala lidanena zoona, aphunzitsi alibe mlandu, adangowerenga zimene zidalembedwa. Ati iwo alibe mawu oletsa. Mtima wanga wadumpha. Ndayang'ana Esinati.

Kenako kwamveka kukhosomola kumbuyo. Apongozi aakazi, amene mvula zinayi zonsezi mawu awo ndimangowamvera kwa Esinati, alankhula okha, akuyang'ana kuphiri.

"Achimwene adataya mizere ya mfumu ya azungu chifukwa cha apongozi awo. Adawabereka kumsana. Ifetu sitidadziwe kuti chikamwini chimafika pamenepo, tinkangolandira zilizonse. Tsono awa ataya chiyani? Nkhokwe yomwe ikadali chipendamire."

Amayi onse ati eee. A Nabanda, maso ali ofiira, ati mkamwini wabwino sathamangira kuchoka. A Zuze, amene palibe anawafunsa, ati mnyamatayu ngwabwino, kungoti amadula akulu pakamwa.

Ndayang'ana kwa a Filipo kuti andiombole, poti ndiyo ntchito imene ayendera mtunda wonsewu. Ndapeza akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Nkhani ya a Chimphamba anaimva atangofika, ndipo yawalowa. Ati, "Zoona, amayi. Ife kwathu sitikufuna kuti adzatinene kuti tidalera mwana wothawa apongozi. Akhale, aphunzire kwa a Kopolo."

Nkhoswe wanga yemwe! Tambala uja waperekedwabe, akuti wothokozera.

Agamula mvula ziwiri zina, kenako tidzakhalenso pansi. Aomba m'manja. Nane ndaomba, nanga n'kutani. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

A Kopolo andipeza pambuyo pake ndikumasula mitolo. Aima pakhomo, akanda mutu, ati, "Ine ndidayesetsa, aphunzitsi." N'zoona, anayesetsa. Kuwakwiyira ndikulephera, ndipo zimenezo zikundikwiyitsa kwambiri. Esinati akubwezera mphasa m'malo mwake.

Ndawaperekeza a Filipo mpaka kumtsinje. Pa mwala wowolokera aima, afunsa kuti akawauze chiyani amayi. Akuti nyumba imene ndinamanga chilimwe chatha amayi aizira kale, pakhomo asesa, ndipo aumba kamtsuko kakang'ono koti Rute azikatungira madzi.

Ndati akawauze kuti ndili bwino, mwana akukula, Esinati akupereka moni. Ndati akawauze kuti m'nyumbamo azikolezamo moto nthawi ndi nthawi, kuti chiswe chisadye denga tisanafike.

A Filipo ati zimenezo n'zosachita kuwauza. Amayi akhala akukolezamo tsiku lililonse kuyambira mwezi watha.